A Kamtedza ndi Lole Yamasaya

Lachinayi lapitali chinakwana chaka chathunthu chimwalirire a Kamtedza, ndipo palibe m'bale wawo ndi mmodzi yemwe amene anaponda pa puloti pano kudzanena kuti lero ndi tsiku lija. Ndinasesa pakhonde pawo m'mawa monga ndinkachitira ali moyo, ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka, kenaka ndinati basi, poti eni ake akhala chete, ndilemba ine amene si m'bale. Sukulu ndinalekezera sitandade 7, ndiye pomwe ndakhota mundikhululukire. Koma zimene ndinaona ndi maso angawa sizilira satifiketi.

Nyumba yathu ndi yawo kuno ku Kawale zimayang'anizana, mpopi umodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Akazi awo anamwalira ine ndisanabwere, mwana mmodzi yemwe anali naye anatsogolanso. Choncho wowatungira madzi ndi kuwachapira malaya ndinali ine, Tadala wanga ali kumbuyo. Ine ndinkati agogo, iwo ankati make Tadala. Sanali munthu wofewa, ndisakunamizeni. Malaya akatsala ndi kadontho pakolala ankandibwezera osanena kanthu, ndipo mtedza wanga wokazinga wogulitsa ankatapa osapempha, n'kumandiuzanso kuti mchere wachepa. Koma pa dziko lapansi pano ankafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo ankachinena pafupifupi sabata iliyonse: tsiku lawo likadzafika, akagone pambali pa mayi awo ku manda a kwawo ku Njewa. Chinthu chaching'ono chotero. Anawamana, chifukwa cha lole ya pachithunzi.

A Kamtedza anali makaniko wa malole. Ntchito anaiphunzira pa galaja ina ya ku tauni yakale, nthawi imene malole otsala ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali atagulitsidwa kwa anthu wamba n'kumanyamula fodya ndi mtedza kuchokera kumidzi. Ankati anagona pansi pa malole amenewo nthawi yaitali kuposa yomwe anagona pabedi. Atakalamba, manja n'kuyamba kunjenjemera, sipanala anazisiya, koma malole sanawachoke m'mutu. Sindikudziwa anayambitsa ndani, koma zinamveka kuti ku Kawale kuli mdala amene ukamuonetsa chithunzi cha agogo ako a usilikali, amakuuza kuti chinajambulidwa liti pongoyang'ana galimoto yomwe aima nayo pafupi. Anthu ankabwera ochokera ku Biwi, ku Chinsapo, mpaka ku Chigwirizano, zithunzi zili m'maenvulopu, zina m'Mabaibulo, zina zodyedwa ndi chiswe m'mbali.

Kachitidwe kawo kanali kosasintha. Choyamba kusamba m'manja ndi sopo, kawiri. Kenaka ankatenga bokosi la machesi n'kuphimba nkhope za anthu a pachithunzipo, kuti itsale lole yokha. Mwini chithunzi akadandaula kuti agogo akewo ndi omwe aphimbidwawo, ankamuyankha kuti munthu akaona kamera amatukula chifuwa n'kubwereka chipewa cha mnzake, koma lole siidziwa kuti ikujambulidwa. Ndiye ankatulutsa galasi lawo lokulitsira zinthu, lomangidwa ndi waya pachigwiriro, n'kuyamba kuwerenga ndi kamtengo ka machesi: mabawuti a patayala ndi angati, mizere ya pamphuno ndi ingati, chiwongolero chili mbali iti, nyali ndi imodzi kapena ziwiri. Mayina a Chingerezi a malolewo ankawatchula, koma ine sindinkawagwira. Ndinagwira omwe anapatsa okha. Panali yamphuno yaitali, panali yopanda mphuno, panali chibokosi. Ankati malole a nthawi ya nkhondo ankapangidwa mothamanga, ndi malata owongoka, ngodya zokhazokha, poti panalibe nthawi yopinda chitsulo kuti chikongole, ndipo nyali ankaziphimba n'kungosiya kampata ngati diso la munthu watulo, kuopa ndege za adani.

Obwera ndi zithunzi za mufoni ankayamba kaye awanyoza. Zala za a Kamtedza zinali zouma ngati chikopa, foni siinkawamvera, ndiye ankandiitana kuti make Tadala bwerani mudzatambasule ichi. Ine n'kusiya zochapa, kupukuta thovu pansalu, kudzatambasula ndi zala mpaka chithunzi kusanduka phala, iwo n'kumandikalipira ngati wojambula ndinali ine.

Ndikukumbuka aphunzitsi ena, a Mhango, a kumpoto koma okhala ku Area 23, anabwera ndi chithunzi cha agogo awo atakhala pa madigadi a lole, chitsulo chija chophimba tayala. A Kamtedza anangoyang'ana pang'ono n'kuwalozera galasi lakutsogolo, lomwe linapendekera chakutsogolo m'malo mogonera kumbuyo ngati la magalimoto onse. Anati imeneyo inapangidwa ku Canada, ndipo galasilo analipendeketsa dala kuti dzuwa lisamanyezimire kumwamba ndege n'kuwaona. Anawaonetsanso chibowo chozungulira padenga, potulutsira mutu msilikali wolondera kumwamba, n'kuwauza kuti ngati agogo awo anali dalaivala ndiye mwendo unkawapsa, poti injini ili m'kati momwemo pafupi ndi bondo. A Mhango anavula magalasi. Kenaka anati agogo awowo mpaka imfa ankadandaula za mwendo wakumanzere womwe unapsa ku nkhondo popanda moto, ndipo ana ankangoseka poyesa ndi nthabwala. Anafuna kusiya kenakake, a Kamtedza anakana. Choposa mbatata kapena mkaka wa tiyi sankalandira.

Sikuti onse ankachoka akumwetulira. Mayi wina wa ku Mgona anauzidwa pamaso kuti lole ya pachithunzi chake ndi ya okonza misewu, ndipo chomwe ankachiyesa mfuti m'manja mwa bambo ake ndi mpini wa fosholo. Atapita ndinawapempha kuti nthawi zina azizungulira pang'ono polankhula. Anandifunsa ngati ndingakonde makaniko wozungulira pondiuza kuti mabuleki a minibasi yomwe ndakwera ndi mwana atha. Ku vidiyo sho ya pamsika anawaletsa kulowa, chifukwa filimu ya nkhondo ikafika pokoma ankaimirira n'kulengeza kuti lole imeneyo nthawi imeneyo inali isanabadwe, anyamata n'kumakuwa kuti adala khalani pansi tione.

Pa maliro awo zonsezi sizinatchulidwe. Mbiri anawerenga ndi a Feston, mwana wa alongo awo, amene ali ndi shopu ya zomangira ku Area 25. Anavala suti yakuda, anakonza pakhosi, n'kuuza anthu kuti malemuwa anali mwana wa ngwazi yomwe inafera ku nkhondo, komanso kuti m'zaka zawo zomaliza mutu unali utayamba kuwasokonekera, choncho aliyense amene anamulakwira ndi mawu awakhululukire. Ine ndinali pamphasa ndi azimayi anzanga, Tadala pamiyendo. Ndinaluma nsalu. Munthu amene sabata yomwe anamwalirayo anandikumbutsa ali chigonere kuti mpopi sindinatseke bwino, poti anamva kudontha kwake, munthu amene ankadziwa mabawuti a tayala la lole yomwe anaiona komaliza ine ndisanabadwe, ameneyo ndiye wosokonekera? Koma mkazi woyandikana naye nyumba salankhula pa maliro a eni ake. Ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kukundiwawa mpaka lero.

Nkhani yake inayamba zaka zitatu asanamwalire, Loweruka lina masana. A Feston anabwera pagalimoto ndi mayi awo, a Naphiri, alongo a a Kamtedza, aakulu kwa iwo, oyenda ndi ndodo. Ndinawayalira mphasa, ndinawathira tiyi n'kubwerera kumpopi, koma mpopi wathu uli pafupi, zonse ndinamva. A Feston ananyamula chithunzi cha mufelemu, chokulitsidwa mpaka kufanana ndi thireyi. Chinali cha bambo a nkhalamba ziwirizo, atavala khaki, ataima pafupi ndi lole, dzanja lili pachitseko. Bamboyo anapita ku nkhondo ngati dalaivala a Naphiri ali kamwana, a Kamtedza ali m'mimba, ndipo sanabwerere. Patapita zaka zambiri nkhondo itatha, kunafika mnzake amene anapita naye limodzi, anapereka chithunzicho kwa mayi a a Kamtedza n'kunena kuti amuna anu anafera komweko. Mayiwo analira maliro, anameta, sanakwatiwenso, ndipo kachithunziko kanakhala m'buku lawo la nyimbo mpaka imfa.

Tsono a Feston, amene Novembala aliyense amavala kaduwa kofiira pajekete n'kukadzijambulitsa pa chipilala cha asilikali, anafuna kumangira agogo awo aamunawo chiliza pambali pa manda a agogo aakazi, ngakhale pansi pake pasakhale mtembo. Chithunzi chimatidwe pamwala, m'munsi mwake mawu akuti anafera ku nkhondo. Koma za kumanda sizichitika popanda mawu a mwini mbumba, ndipo mwini mbumba anali a Kamtedza, atsibweni awo. Chomwe anadzera n'chimenecho, kudzatenga chilolezo. Analankhula mokoma ndithu. Anati mwala ukhala kumanja, inu atsibweni mudzagona kumanzere, mayi anu pakati, banja lonse malo amodzi.

A Kamtedza anadzuka n'kubwera kumpopi kudzasamba m'manja. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti pali kanthu, poti chithunzi cha bambo ako suchisambira m'manja ngati cha mlendo. Atabwerera pamphasa, bokosi la machesi linachepa, ndiye nkhope ya bambo awo anaiphimba ndi chikhatho.

"Alongo, izi ndakhala nazo chiyambire unyamata wanga. Mayi ali moyo sindikanatha kuzinena. Lole iyi ndi yamasaya. Taonani kufufuma uku, chitsulo chopindidwa bwinobwino, nyali zonse ziwiri zili poyera. Malole awa ndinawaona akufika atsopano ine nditayamba kale ntchito pagalaja. Nthawi ya nkhondo kunalibe. Bambo anajambulitsa ichi nkhondo itatha kalekale. Sanafere ku nkhondo, alongo. Anatchona."

Madzi anasefukira mundowa ine osaona. A Naphiri anamenya ndodo pansi.

"Iwe sunawaone. Ine anandinyamula paphewa kupita nane kudimba. Munthu ameneyo sakanatisiya."

Aka kanali koyamba kumva munthu akuwanena a Kamtedza kuti iwe. Iwo sanakweze mawu.

"N'zoona, sindinawaone. Koma loleyo ndinaiona."

A Feston anayesa uku ndi uku. Anati mwina asilikali ankalandira malole atsopano anthu wamba asanawaone. Anati mwina anyamata okulitsa zithunzi anakhotetsa penapake. A Kamtedza anawauza kuti akabweretse kakang'ono ka m'buku la nyimbo kaja, masaya akawapeza omwewo. Kenaka a Feston anapsa mtima n'kunena zenizeni: kuti kutchalitchi kwawo analengeza kale, womanga anamuuza kale, ndipo munthu amene anamwalira kalekale palibe chomwe angataye polembedwa mawu abwino. A Kamtedza anati chiliza amange, alembepo dzina, alembepo kuti anayendetsa malole a nkhondo poti n'zoona, iwonso adzathandiza kututa mchenga. Za imfa zokha ayi.

"Pakamwa nenani zomwe mukufuna, mphepo idzatenga. Pamwala ayi. Mayi anameta tsitsi chifukwa cha bodza limeneli. Ndiye mukaliimike kumutu kwawo kuti aziliwerenga mpaka Yesu adzabwere?"

Tiyi anatsala m'makapu. Ndinakataya ndekha.

A Naphiri, ndi mkwiyo wawo wonsewo, mwambo sanauphwanye. Anauza mwana wawo kuti popanda mawu a atsibweni ake njerwa isalowe kumanda. Choncho a Feston anadzera njira ina, ndipo apa m'pamene ine sindingakhululuke. Anayamba kuuza anthu kuti atsibweni mutu wapita. Anauza akulu a mpingo wathu, anauza a pamsika, anauza aliyense wofunsa njira ya kwa mdala wa zithunzi uja. Kukangana pachibale kulipo, ndi kwathu komwe timakangana. Koma kumuvula munthu nzeru akadali moyo, pofuna kuti mawu ake asalemere? Zithunzi zinasiya kubwera. Munthu amene anthu ankamudikira pamzere Loweruka ankasamba m'mawa, kuvala malaya osita, galasi lija m'thumba, n'kukhala pakhonde tsiku lonse, geti osagogodwa. Ena odutsa ankawapatsa moni wokweza mawu, wapang'onopang'ono, monga timachitira ndi munthu amene sakumvetsa. Iwo ankayankha bwinobwino, kenaka n'kuyang'ana kumbali. Zaka zitatu. Khisimisi zonse zitatu ndinawatengera mbale ine, wa ku Njewa kapena wa ku Area 25 osaoneka.

Ineyo ndinawanyengererapo, ndisabise. Tsiku lina ndikuwapatsa malaya ndinati agogo, ingovomerani, mwala sumva, inu mukufuna kukagona pafupi ndi mayi anu. Ndinayesa andikalipira, koma ayi. Anandiuza kuti tsiku lomwe lole yamasaya yoyamba inalowa pagalaja, anaima patsogolo pake n'kuizindikira, ndipo masiku awiri chakudya chinawakanika. Atapita kumudzi anapeza mayi awo akupukuta kachithunzi kaja ndi nsonga ya nsalu, ndipo anameza mawu. Anati kukhala chete kumeneko kunali kwa mayi awo, anawapatsa konse, wina aliyense sanamutsalire. Ndinawafunsa ngati amadana nawo bambo awowo. Anati ayi, munthu amene sunamuone udana naye bwanji, koma mwina kwinakwake kutali ali ndi ana ena omwe anamuikira mwala pamwamba pa mafupa ake enieni, ndipo munthu mmodzi sakhala ndi manda awiri.

Atadwala, kuchipatala n'kuwabweza kuti azikapumulira kunyumba, a Feston anatulukira. Linali Lachisanu m'mawa, anabwera ndi akulu a mpingo awiri kuti akhale mboni. Anagwada pambali pa bedi, anawagwira dzanja, n'kunena kuti atsibweni tingomva mawu amodzi okha, zonse tikonza, ku Njewa malo anu alipo. A Kamtedza anafunsa ngati chithunzi chija chilipo. Chinali mufoni. Anandiitana kuti ndidzatambasule. Ndinayamba kukokera kumatayala monga mwa masiku onse, koma anati ayi, kumtunda. Kwa nthawi yoyamba ndinawaona akuyang'ana nkhope. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka foni inazima n'kuiyatsanso.

"Makutu ndinatengera iwowa," anatero.

A Feston anasendera pafupi, akulu a mpingo n'kuyang'anana.

"Koma loleyo ndi yamasaya, Feston."

Anamwalira Lachitatu lotsatira, masana, ine ndikuyanika zovala.

Pasiwa a Feston analengeza kuti maliro akaikidwa ku manda a m'tauni mom'muno, chifukwa malemu anakhalitsa ku Kawale ndipo anzawo a mumpingo ndi okalamba, sangathe ulendo. Ulendo wa ku Njewa! Azimayi a kumeneko amabwera ndi masamba m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanafike pamutu. Ndinatuma bambo a Tadala kuti akanong'oneze akuluakulu zomwe malemu ankanena sabata ndi sabata. Anabwera ndi yankho loti mawu amveka, koma mbumba yagamula kale. Ndinayang'ana a Naphiri. Anali atakhala pakona, nsalu kumutu, akuyang'ana pansi. Tinawaika pakati pa anthu osawadziwa, pafupi ndi msewu, pomwe fumbi la maminibasi limafika.

Njerwa zinalowa kumanda a ku Njewa miyezi inayi isanathe. Tsiku loonetsa chiliza sanandiitane, koma ndinamva kwa mayi wina wogulitsa tomato, ndinabereka Tadala n'kukwera minibasi, kotsalako pakabaza. Anthu analipo ambiri, ena atavala masikipa osindikizidwa chithunzi chija. A Feston analankhula nthawi yaitali. Atachotsa nsalu pamwala anthu anaomba m'manja, koma a Naphiri sanayang'aneko ngakhale kamodzi. Anawakonzera mpando kutsogolo, iwo anaukana, anazungulira ndi ndodo yawo n'kukakhala pansi mbali inayo ya manda a mayi awo, msana atalozetsa kumwala. Mwana wawo anawatumira munthu kawiri kuti abwere adzajambulitse. Sanadzuke. Anthu atayamba kutuluka ndinapita kukawagwira mkono kuti aimirire, ndipo anandizindikira. Anangondifunsa ngati kumene tinawaika alongo awo kuli mthunzi. Ndinati kulibe.

Kumanja kwa mayi awo tsopano kuli chiliza chakuda cha matailosi, chonyezimira moti umadziona nkhope. Chithunzi chili pakati, lole ikuoneka bwino kuposa munthu, ndipo pansi pake palibe ngakhale fupa limodzi. Kumanzere kuli malo a munthu mmodzi ndendende, kuyambira pamanda a mayiwo kukafika pa chitsa cha mthethe. Omanga ndi pomwe ankasakanizira simenti, ndiye paumapo chigamba chotuwa, chokhala ndi chidindo cha nsapato ya munthu ndi thumba long'ambika lomwe linagwidwa m'mbali. Udzu wamera mozungulira ponse, koma pakatipo wakana.